Star Trek ya 2009 idadzutsa dzina, koma ulendo wofufuza udatsala m'mbuyo

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa filimu ya Star Trek ya 2009 yomwe adaitsogolera J.J. Abrams. Ambiri mwa omwe angoidziwa kumene nkhaniyi amauzana kuti filimu imeneyi ndiye chiyambi cha zonse, ndipo ukaionera ndiye kuti wadziwa komwe Kirk, kaputeni wa chombo cha m'mlengalenga cha Enterprise, ndi Spock, wachiwiri wake, a m'sewero lakale la pa wailesi ya kanema adachokera. Zimenezi si zoona kwenikweni. Filimuyi idalembedwa mochenjera kuti ioneke ngati chiyambi, chonsecho ikudula nkhani yakale n'kuyambitsa ina. Nzeru imeneyo ndi yomwe idapulumutsa Star Trek, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino. Koma pali chinthu chachikulu chomwe chidatayika, ndipo ife okonda nkhaniyi chimatipweteka.

Sewero la Gene Roddenberry lidayamba kuonetsedwa pa NBC ku America pa 8 Seputembala 1966, n'kutha mu 1969 litafika magawo 79. Nthawi imeneyo silidakoke anthu ochuluka. Lidadzatchuka m'zaka za m'ma 1970 pamene nyumba zina za kanema zinkalibwereza. Kenako kudabwera mafilimu khumi pakati pa 1979 ndi 2002, komanso masewero ena anayi omwe adalandizana osadukiza kuyambira 1987 mpaka 2005. Pofika kumapetoko, anthu adali atatopa. Filimu ya Nemesis ya 2002 idadya ndalama pafupifupi madola 60 miliyoni a ku America koma idangobweza pafupifupi 67 miliyoni, ndipo poti eni nyumba zoonetsera amatengapo gawo lalikulu pa tikiti iliyonse, kumeneko kudali kuluza. Sewero la Enterprise, lomwenso linkafotokoza za zaka pafupifupi 100 Kirk asanakhale kaputeni, adalithetsa mu 2005. Chaka chomwecho James Doohan, yemwe ankasewera Scotty, injiniya wa chombocho, adamwalira, pamene DeForest Kelley, dokotala McCoy uja, adali atatisiya kale mu 1999. Kampani ya Paramount idatsala ndi dzina lodziwika dziko lonse koma yopanda oliyendetsa.

Kubwerera ku unyamata wa Kirk ndi Spock kudali kwanzeru, koma filimu yofotokoza chiyambi ili ndi matenda ake awiri. Oyamba ndi akuti woonera amadziwa kale mathero. Mukamuika Kirk wachinyamata pakamwa pa imfa, palibe yemwe mtima ungamudumphe, chifukwa aliyense adamuona kale ali ndi imvi m'mafilimu a m'ma 1980. Achiwiri ndi akuti wolemba amakhala womangika manja. Zaka 40 za masewero zidanena kale tsiku lobadwa la uyu, chombo chomwe uyo adayambira ntchito, mtundu wa anthu omwe adali asanakumane nawo. Mukalakwitsa chimodzi, okonda sewerolo akunyozani. Mukatsatira zonse, wobwera kumene asokonezeka n'kutuluka.

Roberto Orci ndi Alex Kurtzman, omwe adalemba filimuyi, adachiza matenda onse awiri ndi mankhwala amodzi, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Tifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa filimuyo imathamanga nazo. M'chaka cha 2387, m'mbiri yakale ija, nyenyezi ikuphulika n'kuwononga pulaneti ya Romulus. Spock, yemwe pano ndi nkhalamba komanso kazembe, adalonjeza kuletsa ngoziyo pogwiritsa ntchito madzi ofiira otha kupanga black hole, dzenje la m'mlengalenga lomeza chilichonse choliyandikira, koma akufika mochedwa. Nero, kaputeni wa chombo chokumba miyala chotchedwa Narada, wataya mkazi wake woyembekezera ndipo mlandu akuuika pa Spock. Zombo zonse ziwiri zikumezedwa n'kuponyedwa m'mbuyo. Narada ikutulukira mu 2233, pamene chombo cha Spock, ngakhale chidalowa patangopita kamphindi, chikutulukira mu 2258. Kuyambira pomwe Narada yaombera chombo cha Kelvin mu 2233, mbiri yagawikana pawiri. Yakale ija ikadalipo, palibe chafufutidwa, koma pambali pake paphuka ina yomwe palibe akudziwa kumene ikupita.

Taonani mmene mphindi khumi zoyamba zimagwirira ntchito imeneyi. Robau, kaputeni wa Kelvin, akuitanidwa ku Narada ndipo akuphedwa. Udindo ukugwera George Kirk, bambo ake a Kirk uja, yemwe adamusewera Chris Hemsworth asanatchuke. Iye akulamula kuti onse athawe m'tizombo ting'onoting'ono, kuphatikizapo mkazi wake yemwe matenda a uchembere amuyamba. Makina oyendetsa chombo chokha awonongeka, choncho George ayenera kutsala kuti achiwongolere ndi manja mpaka chikagunde mdani. Mwana akubadwa, bambo akumva kulira kwake pa wailesi, awiriwo akugwirizana dzina, kenako phokoso la nkhondo likuzilala n'kutsala nyimbo ya Michael Giacchino yokha. Pambuyo pake Pike, kaputeni wa Enterprise m'filimuyi, akumuuza Kirk kuti bambo ake adakhala kaputeni kwa mphindi 12 ndipo adapulumutsa anthu 800. Wobwera kumene wapeza chifukwa chomumvera chisoni mnyamatayo. Wodziwa zakale wazindikira kuti uyu si Kirk yemwe amamudziwa, chifukwa uja adakula bambo ake ali moyo. Choncho Kirk watsopanoyu akakhala wandewu, woledzera ndi wosamva, palibe angadandaule kuti olemba alakwitsa khalidwe lake.

Koma kungonena kuti mbiri yasintha sikukwanira, woonera amafuna umboni. Umboniwo ndi Vulcan, kwawo kwa Spock. Nero akuboola pulanetiyo mpaka pakati, akuponyamo dontho la madzi ofiira aja, ndipo anthu pafupifupi 6 biliyoni akufa, opulumuka osapitirira 10,000. Amanda, mayi ake a Spock, akugwa thanthwe litagumuka pamene makina owasamutsira m'chombo adali atatsala pang'ono kuwanyamula, mwana wawo atatambasula dzanja. M'mbiri yakale mayiwa adaoneka ali moyo m'gawo la Journey to Babel la 1967 komanso m'filimu ya 1986. Amene amadziwa zimenezi amayembekezera kuti pamapeto wina abweza nthawi n'kukonza zonse, monga zinkachitikira kawirikawiri m'masewero akale. Sizichitika. Kuyambira pamenepo, ngozi iliyonse m'filimuyo ndi yeniyeni.

Chomwe chidamanga mbiri ziwirizi pamodzi ndi Leonard Nimoy. Iye adasewera Spock kuyambira pa gawo loyesera la The Cage la 1964, ndipo kuvomera kwake kubweranso kudatsimikizira okonda zakale kuti sadatayidwe. Popanda iyeyu, nzeru yonse ya kugawikana kwa nthawi ikadaoneka ngati chinyengo cha amalonda.

Pa kusankha osewera, tilibe dandaulo lalikulu. Chris Pine, Kirk watsopanoyu, sadatsanzire kalankhulidwe kodukizadukiza ka William Shatner, Kirk wakale uja, ndipo adachita bwino, chifukwa anthu akadangoseka. Adatengako kudzidalira ndi kakhalidwe ka pampando basi. Zachary Quinto adapatsidwa Spock yemwe mkwiyo wake uli pafupi, zomwe zikumveka kwa munthu wotaya mayi ndi dziko tsiku limodzi. Karl Urban yekha ndiye adayandikira kwambiri kwa Kelley, mawu ndi nsidze zomwe, ndipo zidamukhala chifukwa McCoy ndi munthu wodandauladandaula yemwe amadziwika ndi kayankhulidwe. Uhura wa Zoe Saldana adapatsidwa ntchito yooneka: ndiye akutola uthenga wonena za zombo za a Klingon, mtundu wankhondo wa ku pulaneti ina, zomwe zawonongedwa, ndipo uthengawo ndi womwe ukutsimikizira Pike kuti ku Vulcan kuli msampha. Izi n'zofunika tikakumbukira chomwe Nichelle Nichols, Uhura wa m'sewero lakale, adaimira mu 1966, mkazi wakuda ali pa udindo m'chipinda cholamulira chombo, mpaka Mae Jemison, yemwe adapita m'mlengalenga mu 1992, adanena kuti adalimbikitsidwa naye. Chotidandaulitsa n'chakuti theka lachiwiri la filimuyo likumubweza Uhura kukhala wotonthoza Spock.

Tsopano pomwe zidavuta. Kujambula kudayamba mu Novembala 2007, sabata yomwe olemba mafilimu ku America adayamba sitalaka yomwe idatha mu Febuluwale 2008. Abrams ndi olemba ake adali mamembala a bungwe lonyanyalalo, choncho sakadatha kusintha mawu m'kati mojambula monga zimachitikira nthawi zonse. Sitinganene kuti chilema chilichonse chidachokera pamenepo, koma pali malo omwe akuoneka kuti ankafunika kuwabwereranso.

Tiyambe ndi Nero. Wafika mu 2233 ndi chombo choposa china chilichonse, ndipo Romulus idzawonongeka patapita zaka 154. Nanga bwanji osapita kwawo kukachenjeza? Ndipo zaka 25 zodikira Spock adakhala kuti? Yankho la funso lachiwiri lidajambulidwa: a Klingon adamugwira n'kumutsekera kundende ya Rura Penthe. Koma zigawo zimenezo adazidula pokonza filimuyo kuti isatalike kupyola mphindi 127, ndipo zambiri za moyo wa Nero adaziika m'kabuku ka zithunzi kotchedwa Countdown. Ili ndi vuto lodziwika pokonza filimu: mukachotsa chigawo chifukwa chikuchedwetsa, mumachotsanso chifukwa chomwe munthu akuchitira zomwe akuchita. Eric Bana, yemwe adasewera Nero, adatsala ndi ntchito yokalipa basi.

Pali nkhani ya Delta Vega. Spock wachinyamata akumutaya Kirk pa pulaneti yachisanuyo m'malo momutsekera m'chitokosi cha m'chombo. Kirk pothawa chilombo akulowa m'phanga, ndipo mwa mapanga onse a pulaneti yonse, m'menemo ndi momwe muli Spock wokalamba. Atayenda pang'ono akupeza Scotty. Mwayi umodzi woterewu woonera amaulola, koma itatu yotsatizana m'mphindi zochepa ikuonetsa dzanja la wolemba likukankha anthu kuti akumane. Chimodzimodzi ndi udindo wa Kirk. M'mawa ndi wophunzira wa chaka chachitatu yemwe waimitsidwa chifukwa chobera mayeso a Kobayashi Maru, oyeserera nkhondo yomwe munthu sangaipambane. Pike akumukweza kukhala wachiwiri kwa Spock, iye akumuputa Spock mpaka kumenyedwa kuti lamulo 619, lochotsa mtsogoleri wosokonezeka maganizo, limuchotse Spockyo pampando, ndipo pamapeto akupatsidwa chombo chatsopano cha gulu lonse. Maudindo onse apakati wawadumpha. M'sewero lakale Kirk adali munthu wowerenga kwambiri yemwe adakwera pang'onopang'ono m'zombo zina, ndipo n'chifukwa chake anthu 430 ankamukhulupirira ndi miyoyo yawo.

Za sayansi tinene mosabisa. Star Trek siidakhalepo buku la sukulu. Makina osamutsa anthu adawaganiza chifukwa kujambula chombo chikutera sabata iliyonse kukadadya ndalama zambiri. Koma chongopeka chimafunika malamulo ake osasinthasintha, ndipo apa malamulowo palibe. Spock akunena kuti nyenyezi yophulikayo inkaopseza mlalang'amba wonse. Mlalang'amba wathu ndi waukulu moti kuwala, komwe kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kuti kuudutse. Kuphulika kwa nyenyezi kumaopsa mapulaneti omwe ali pa mtunda wa zaka makumi ochepa a kuwala, osati kuposa apo. Ngati nyenyeziyo idali kutali ndi Romulus, anthu akadakhala ndi zaka zosamukira, popeza zombo zawo zimaposa kuwala. Ngati lidali dzuwa lawo lomwe, kulimeza ndi black hole kukadawasiya mumdima ndi chisanu, imfa yomweyo. Black hole yomweyonso ikuphwanya Vulcan koma zombo ikuzidutsitsa bwinobwino kupita nazo zaka zakale. Ndipo Spock wokalamba ataima pa Delta Vega akuona Vulcan ikumezedwa ili yaikulu kumwamba. Kuti pulaneti ioneke choncho ndi maso, iyenera kukhala pa mtunda wonga wa mwezi wathu, makilomita pafupifupi 384,000. Venus ikatiyandikira kwambiri, pa makilomita pafupifupi 40 miliyoni, imangooneka ngati kadontho kowala. Chonsecho sewero la 1966 lidanena kuti Vulcan ilibe mwezi.

Choopsa kwambiri pa nkhani yonse ndi njira yomwe Scotty akupatsidwa yosamutsira anthu kupita m'chombo chomwe chili kutali ndipo chikuthamanga kuposa kuwala. Zidathandiza kubweza Kirk mu Enterprise, koma ngati munthu angasamuke choncho, zombo n'zachiyaninso? Filimu yotsatira ya 2013 idakulitsa vutoli pamene Khan, mdani wa m'filimuyo, adasamuka kuchoka pa dziko lapansi mpaka kwa a Klingon m'kanthawi kochepa.

Pa kaonekedwe, zina zidatheka zina ayi. Mitundu ya yunifolomu adaisunga: yachikasu ya olamulira, yobiriwira ngati thambo ya asayansi ndi achipatala, yofiira ya mainjiniya ndi achitetezo. Pamene mmodzi wa ogwira ntchito mu Kelvin akukokedwera kunja chombo chitabooka, phokoso lonse likuduka, chifukwa kopanda mpweya mawu sayenda, ndipo kamphindi kameneko n'koona kuposa nkhondo zonse zotsatira. Kuwala kothobwa m'maso komwe kwadzaza filimuyi kudapangidwa dala: wojambula filimuyi Dan Mindel ndi anzake ankaunikira tochi m'galasi la kamera. Pang'ono kumapereka moyo, koma m'chipinda cholamulira kumafika pophimba nkhope ya munthu akulankhula, ndipo Abrams mwini adavomera pambuyo pake kuti adanyanya. Chipinda cha injini adachijambulira m'fakitale yofululira mowa ya Budweiser ku Van Nuys, California, pofuna malo aakulu enieni osawononga ndalama zomangira. Mapaipi ndi matanki akuoneka olemera ndithu, koma pansi pa simenti ndi denga lalitali sizikugwirizana ndi chombo chomwe chipinda chake cholamulira ndi choyera mbee.

Pa malonda zidayenda. Filimuyi idadya pafupifupi madola 150 miliyoni n'kubweza pafupifupi 385 miliyoni, ndipo idapata mphotho ya Oscar ya luso lodzola ndi kusintha nkhope, yoyamba m'mbiri yonse ya Star Trek.

Dandaulo lathu lalikulu ndi ili: m'filimu yonseyi Enterprise siifufuza kanthu. Imachoka pa dziko lapansi kupita ku Vulcan, kenako kubwerera kudzateteza San Francisco. Palibe dziko latsopano, palibe mtundu wachilendo woti aumvetse, palibe funso lovuta lomwe mfuti singayankhe. Yerekezani ndi gawo la The Devil in the Dark la 1967. Kumgodi wina wa pa pulaneti yakutali, chilombo chodutsa m'miyala chapha anthu oposa 50. Kirk akubwera kudzachipha. Atachivulaza n'kuchipanikiza, sakuombanso. Spock akulumikiza maganizo ake ndi acho, ndipo zikudziwika kuti timiyala tobulungira tomwe okumba akhala akuswa ndi mazira, ndipo chilombocho ndi mayi wotsala yekha wa mtundu wake. McCoy akumata bala lake ndi simenti yomangira, popeza thupi lake ndi la mwala. Pamapeto okumba ndi cholengedwacho akugwirizana zogwirira ntchito limodzi. Zonsezi zidajambulidwa ndi munthu wokwawa pansi atafunda chovala cha mphira, koma mpaka lero gawolo limagwira mtima.

Nero nayenso ndi wokumba miyala, nayenso wataya mwana wosabadwa ndi mtundu wake. Nkhani yake inkapempha kuti wina amumvetse. Filimuyi ikumupatsa masekondi ochepa: Kirk akumuuza kuti angathe kumupulumutsa, Spock sakugwirizana nazo, Nero akukana, ndipo Enterprise ikuomba zida zake zonse pa chombo chomwe chikumezedwa kale. Chigawochi chidakonzedwa kuti anthu aombe m'manja. Roddenberry, yemwe adamwalira mu 1991, adamanga sewero lake pa chikhulupiriro chakuti mdani ndi munthu amene sunamumvetse, ndipo pano chikhulupirirocho changotchulidwa pakamwa n'kutayidwa.

Wina anganene kuti iyi idali filimu yosonkhanitsa anthu chabe, kufufuza kubwera pambuyo. Ifenso tidayembekezera choncho. Koma Into Darkness ya 2013 idabweretsanso munthu wofuna kubwezera, n'kubwereza imfa ya m'chipinda cha injini ya mu The Wrath of Khan ya 1982 mongosinthanitsa anthu. Ufulu wonse womwe kugawikana kwa mbiri kudapereka udagwiritsidwa ntchito kukopera zakale. Ulendo wa zaka zisanu, womwe ndiwo mutu wa sewero loyamba, ukuyamba m'mphindi zomaliza za filimu yachiwiriyo. Beyond ya 2016, yotsogoleredwa ndi Justin Lin, idayesetsa kupita kutali ndipo idapatsa McCoy ndi Spock nthawi yokwanira, koma mdani wake Krall adalinso wobwezera. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Filimu yodya madola oposa 150 miliyoni iyenera kugulitsidwa m'maiko onse, ndipo kuphulika sikufuna womasulira pamene mtsutso wa chabwino ndi choipa umafuna. Sewero la pa kanema la mphindi 50, lotsika mtengo, lingathe kutaya sabata imodzi pa funso lovuta. N'chifukwa chake kufufuza kudabwerera kudzera pa kanema, makamaka mu Strange New Worlds ya 2022, momwe Anson Mount akusewera Pike ndipo gawo lililonse lili ndi nkhani yakeyake. Dziwani kuti sewero limeneli, pamodzi ndi Discovery ya 2017 ndi Picard ya 2020, zili m'mbiri yakale, osati ya mafilimu a Abrams. Picard ndiyo ikufotokoza zomwe zidagwera a Romulan, anthu a ku Romulus, opulumuka pambuyo pa 2387.

Kwa owerenga omwe akufuna kuyamba, sitikuti aipewe filimu ya 2009. Ndi yokoma, yothamanga, ndipo ubwenzi wa anthu ake ndi weniweni. Koma asanaionere apeze magawo anayi a sewero loyamba. Balance of Terror ya 1966 ndi momwe a Romulan akuonekera koyamba, ndipo kaputeni wawo ndi munthu waulemu yemwe imfa yake imamvetsa chisoni. The Devil in the Dark taifotokoza kale. Amok Time ya 1967 ikuonetsa Vulcan ndi miyambo yake, ndipo Journey to Babel ikuonetsa Spock pakati pa bambo ake Sarek ndi mayi ake Amanda. Akatero aonere The Wrath of Khan, momwe mayeso a Kobayashi Maru adayambira ndipo tanthauzo lake, la kukumana ndi imfa yosathawika, likulipiridwa mokwanira. Amene ali ndi nthawi awonjezere magawo awiri a Unification a 1991 a mu The Next Generation, omwe akufotokoza chomwe Spock wokalamba ankachita ku Romulus. Zonsezi sizipitirira maola asanu ndi awiri.

Ndipo inu a Mkonzi, tikupempha kuti tsamba lanu la zisangalalo likamalemba za mafilimu obwerera ku chiyambi, omwe achuluka masiku ano, lizifotokozera owerenga ngati filimuyo ikupitiriza mbiri yakale kapena ikuyamba ina, komanso zomwe munthu ayenera kuonera kaye kuti aimvetse.

Ife anu,
Okonda mafilimu a sayansi